Injini Imodzi Ikazima pa Ndege Yaing'ono ya Mainjini Awiri

 

Munthu wamba akaona ndege ziwiri zazing'ono pa bwalo, ina ya injini imodzi pamphuno, ina ya mainjini awiri m'mapiko, mtima wake umathamangira ya mainjini awiriyo. Amati ina ikazima inzake itifikitsa. Maganizo amenewa si opusa, ndipotu ndege zotere anazipangira zomwezo. Koma m'chaka cha 1979 bungwe lofufuza za ngozi la ku America, la NTSB, linatulutsa zimene linapeza litaunika ngozi za ndege zazing'ono za mainjini awiri kuyambira 1972 mpaka 1976. Pa ngozi zochitika injini itazima, chiopsezo choti pafe munthu chinali chachikulu kuwirikiza kanayi pa ndege za mainjini awiri poyerekeza ndi za injini imodzi. Tinene chilungamo, ndege zambiri zimene zinatera bwinobwino ndi injini imodzi sizinalowe m'chiwerengerocho, popeza kutera bwino sikulembedwa ngati ngozi. Komabe funso latsala: n'chifukwa chiyani zinthu zikalakwika pa ndege imeneyi zimalakwika moopsa chomwechi?

Woyendetsa ndege ya injini imodzi, injini ikamuzimira alibe chosankha. Amatsitsa mphuno, n'kuyang'ana munda kapena dambo, ndipo ndege imafika pansi mapiko ali chopingasa, iye akuiwongolerabe. Wa mainjini awiri ali ndi chosankha, ndipo chosankhacho ndi chimene chimamuika m'mayesero. Amafuna kupulumutsa ndege, amafuna kukwera, amafuna kubwerera pa bwalo, ngakhale pa tsiku limene ndegeyo singathe zimenezo.

Tiyambe ndi mphamvu. Injini imodzi ikazima mwataya theka la mphamvu, koma kukwera kumene mwataya si theka. Mphamvu zambiri za mainjini zimathera pa kungoigwira ndege kuti isatsike. Chimene chimaikweza ndi kamphamvu kotsala pamwamba pa zimenezo, ndipo injini ikazima ndi kotsalako kamene kamayamba kupita. Mabuku ophunzitsira a bungwe loyang'anira za ndege la ku America, la FAA, amati kukwera kumachepa ndi 80 mpaka 90 peresenti. Tengani Piper Seminole, imene ambiri amaphunzirira mainjini awiri, injini iliyonse ya ma horsepower 180. Itadzaza, pa malo otsika ngati m'mphepete mwa nyanja yamchere, imakwera mafiti pafupifupi 1,340 pa mphindi mainjini onse akugwira ntchito. Ndi injini imodzi imakwera mafiti 212 okha.

Taganizirani bwino za 212 ameneyu. Pa liwiro la ma knot 88 ndege imayenda makilomita pafupifupi 2.7 pa mphindi, ndipo pa mphindi imeneyo yakwera mamita 65 okha. Ndiye kuti pa kilomita iliyonse mwakwera mamita osapitirira 25. Ngati kumapeto kwa msewu wa ndege kuli mitengo ya bulugamu, kapena nthaka ikukwera pang'onopang'ono kulowera ku phiri, muzidziwa kuti nthakayo ikhoza kukwera msanga kuposa inu. Ndipo nambala imeneyo anaipeza ndi woyendetsa woyesa ndege, pa ndege yatsopano, matayala atalowa, pulopela ya injini yakufa itaimitsidwa, iye akudziwiratu chimene chikubwera.

Ena amadabwa akamva kuti malamulo a ku America amene ndege zambiri zimene tikuyendetsazi zinavomerezedwera sankalamula n'komwe kuti ndege yaing'ono izitha kukwera ndi injini imodzi. Ngati ndege sipitirira mapaundi 6,000, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 2,700, ndipo liwiro lake la stall, pamene mapiko amalephera kuinyamula, silipitirira ma knot 61, wopanga ankangoyenera kuyesa pa mafiti 5,000 n'kulemba zimene wapeza. Akapeza kuti ikutsika, ankalemba kuti ikutsika, ndegeyo n'kuvomerezedwa.

Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife a kuno kuposa anzathu amene amauluka kuchokera m'mabwalo a m'mbali mwa nyanja zamchere. Buku la Seminole limati ndi injini imodzi, itadzaza, denga lake ndi mafiti 3,800, ndipo pamenepo ikungokwera mafiti 50 pa mphindi. Bwalo la Kamuzu ku Lilongwe lili pa mafiti 4,035. La Mzuzu lili pamwamba pang'ono kuposa pamenepo. Lusaka ili pafupifupi pa 3,800, Harare pafupifupi pa 4,900, ndipo O.R. Tambo ku Johannesburg ili pamwamba pa 5,500. Ndege yaima chiimire pansi, matayala ali pa phula, koma ili kale pafupi ndi denga lake la injini imodzi kapena pamwamba pake. Onjezani kutentha. Pa mafiti 4,000 mabuku amawerengera mpweya wa madigiri 7. Masana a mwezi wa Okutobala kukatentha kufika madigiri 30, mpweya umapepuka moti injini ndi mapiko zimagwira ntchito ngati ndege ili pa mafiti pafupifupi 6,800. Pa tsiku lotere, ndege yotere itadzaza, injini ikazima mutangonyamuka simukwera. Mutsika basi, ngakhale mutachita zonse molondola. Chimene chatsala m'manja mwanu ndi kusankha potera ndi kufikapo ndege ili yowongoka.

Ndege za turbo monga Seneca zimachitako bwino m'malo okwera, sindikukana. Koma nazonso musazikhulupirire ndi mtima chabe. Tsegulani tsamba la injini imodzi, muwerenge za tsikulo.

Tsopano tibwere pa chimene chimapha anthu ambiri, chomwe ndi kutembenuzika kwa ndege. Ganizirani ngolo yokokedwa ndi ng'ombe ziwiri pa goli limodzi. Ng'ombe ya kumanzere ikagwa, ya kumanja n'kumakokabe, ngolo imakhotera kumanzere, ndipo yamoyoyo ikukoka ngolo pamodzi ndi inzake yakugwayo. Ndege imachita chimodzimodzi. Injini yamoyo imakoka phiko lake, mphuno n'kukhotera ku injini yakufa. Pulopela yakufayo siima, mphepo imaizunguzabe, ndipo pozungulirapo imagwira mphepo kwambiri n'kumakokera phikolo m'mbuyo. Komanso phiko la injini yamoyo likulandira mphepo ya pulopela, choncho likunyamula kwambiri kuposa linzake, ndipo ndege imayamba kupendekera ku mbali yakufa.

Chotsutsana ndi zonsezi ndi chiwongolero cha kumchira, rudder, chimene mumaponda ndi mapazi. Koma mphamvu ya rudder imachokera ku mphepo yodutsa pamchira. Liwiro likamachepa, rudder imafooka, pamene injini yamoyo ikukokabe ndi mphamvu zake zonse. Pamafika liwiro limene mwaponda mpaka pansi koma mphuno ikukhotabe. Limenelo ndi Vmc, kamzere kofiira pa geji ya liwiro. Pa Seminole kali pa ma knot 56. Mukatsika pamenepo injini yamoyo ili pa mphamvu zonse, ndege imakhota, imapendeka, n'kugadabuzika, ndipo mukakhala pafupi ndi nthaka mulibe malo oiwongolera.

Kamzere kofiirako kanajambulidwa pamalo amodzi, koma liwiro lenileni lotayira ndege limasuntha. Poyesa, amalola woyendetsa kupendeketsa ndege madigiri asanu kulowera ku injini yamoyo, ndi kuponda rudder ndi mphamvu yofika mapaundi 150, omwe ndi makilogalamu 68. Mukasiya mapiko ali chopingasa osapendeketsa, Vmc imakwera ndi ma knot pafupifupi atatu pa digiri iliyonse imene mwasiya. Ndiye kuti mukhoza kutaya ndege muli ma knot 15 pamwamba pa kamzere kofiira, geji ikukuuzani kuti zonse zili bwino. Katundu akachuluka kumbuyo, Vmc imakweranso. Pa ndege zimene mapulopela onse amazungulira mbali imodzi, monga Baron ndi Cessna 310, kuzima kwa injini ya kumanzere kumavuta kuposa kwa ya kumanja, chifukwa ya kumanjayo imakokera patali ndi pakati pa ndege. Pa Seminole, Seneca ndi Duchess mapulopela amazungulira mosemphana, choncho mbali zonse ndi zofanana.

Palinso msampha wina wa malo okwera. Mukamakwera, injini yopanda turbo imafooka, ndiye Vmc imatsika, koma liwiro la stall pa geji silisuntha. Pena pake ziwirizi zimakumana. Ndege ikachita stall injini imodzi ikukoka mbali imodzi, imalowa mu spin, kugwa ikuzungulira, ndipo ndege zimenezi sizinavomerezedwe kuchita spin.

Pa 30 June 2019, ku Addison m'chigawo cha Texas, King Air 350 inataya mphamvu ya injini ya kumanzere itangonyamuka. Imeneyi ndi ndege yaikulu kuposa zimene tikukambazi, yokhala ndi mphamvu zokwanira kukwera ndi injini imodzi. Ofufuza anapeza kuti poyamba woyendetsa anaponda rudder ya kumanzere, mbali yolakwika. Ndege inagadabuzika n'kugwera pa nyumba yosungiramo ndege, ndipo anthu onse 10 anafa. Zonsezi zinachitika m'masekondi ochepa chabe.

Mankhwala a ndege imene yayamba kukulakani alipo, koma mtima wa munthu umawakana. Tsitsani mphuno kuti liwiro libwerere, ndipo chepetsani mphamvu ya injini yamoyo. Inde, yamoyoyo. Chimene chikukutembenuzani ndi kukoka kwa mbali imodzi, choncho mukabweza throttle, chogwirira cha mphamvu ya injini, kukokako kumatha, ndege n'kuwongoka. Mwasanduka woyendetsa ndege yopanda injini, koma mapiko ali chopingasa ndipo mukuiwongolera. Anthu ambiri amatuluka amoyo m'ndege imene yakhwekhwerezeka m'munda pa liwiro lochepa. Imene yafika pansi chagada kapena chamutu satulukamo kawirikawiri. Ine ndimaona kuti wophunzira amene dzanja lake silinazolowere kubweza throttle yamoyo sanakonzeke kunyamula anthu, ngakhale atakhoza mayeso onse olemba.

Tinene kuti muli ndi liwiro ndi malo okwanira kupitiriza kuuluka. Choyamba ndi kuigwira ndege: pondani rudder mpaka mphuno ileke kukhota, tsitsani mphuno ku kamzere kabuluu. Kamzere kabuluuko ndi Vyse, liwiro limene ndege imakwera bwino koposa ndi injini imodzi, kapena kutsika pang'onopang'ono koposa ngati singathe kukwera. Pa Seminole ndi ma knot 88. Kenako kankhirani kutsogolo zogwirira zonse, mixture, pulopela ndi throttle, za mainjini onse awiri. Kwezani ma flap ndi matayala. Mukatero m'pamene mungafunse kuti yazima ndi iti.

Musathamangire mageji, chifukwa pulopela yozunguzidwa ndi mphepo imaonetsa ma rpm ngati yamoyo. Funsani miyendo yanu. Mwendo umene ukuvutika kuponda uli ku mbali ya injini yamoyo, ndipo umene ukungokhala uli ku mbali yakufa. N'chifukwa chake timaphunzitsa kuti phazi lakufa, injini yakufa. Mukaizindikira, itsimikizeni. Bwezani throttle yake pang'onopang'ono. Ngati palibe chasintha, mwalondola. Ngati ndege yagwedezeka n'kukhotera kwina, mwagwira yamoyo, ibwezereni msanga.

Pa kutsimikizaku ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa apa agwapo akatswiri a maola masauzande. Pa 8 January 1989, Boeing 737-400 ya British Midland inathyoka tsamba la fani m'injini ya kumanzere. Oyendetsa anabweza mphamvu ya injini ya kumanja, kunjenjemera kunaoneka ngati kwachepa, ndipo anakhulupirira kuti alondola n'kuizimitsa. Anthu okhala kumbuyo ankaona moto ku injini ya kumanzere, koma uthengawo sunafike kutsogolo. Ndege inagwa m'mbali mwa msewu wa M1 pafupi ndi Kegworth, ndipo anthu 47 mwa 126 anafa. Mu September 2009, ku Durban, Jetstream 41 inataya injini ponyamuka, yamoyo n'kuzimitsidwa, ndipo inagwera pa bwalo la sukulu ku Merebank. Pa 4 February 2015, ATR 72 ya TransAsia itanyamuka ku Taipei, injini ya kumanja inasiya kukoka, woyendetsa n'kubweza ndi kuzimitsa ya kumanzere. Inagwera mu mtsinje wa Keelung, anthu 43 mwa 58 n'kufa. M'ndege zonsezi munali oyendetsa awiri kapena kuposa. Inu m'ndege yaing'ono nthawi zambiri mudzakhala nokha, popanda wokugwirani dzanja. Choncho tchulani mokweza mbali imene yafa, muyang'ane chogwirira chimene dzanja lagwira, kenako mukoke.

Mukatsimikiza, ndipo muli pafupi ndi nthaka, chitani feather. Uku ndi kutembenuza masamba a pulopela kuti adule mphepo ndi m'mphepete mwake, pulopela n'kuima. Mudzamva ndege ikupepuka ndipo mwendo udzapumako. Koma musachedwe. M'mapulopela ambiri muli tizitsulo timene timatseka ma rpm akatsika kwambiri, kuti masamba asapite ku feather mukazimitsa injini pansi. Pa Seminole timatseka pa ma rpm pafupifupi 950. Injini imene ikugwira ndi kuuma ikhoza kudutsa pamenepo msanga, ndipo mudzatsala ndi pulopela yosatheka kuitembenuza.

Chotsala ndi kaulukidwe. Kuyambira tsiku loyamba la maphunziro munauzidwa kuti kampira ka pa geji kazikhala pakati. Ndi injini imodzi, kampira pakati ndi mapiko chopingasa zikutanthauza kuti ndege ikuyenda chammbali, ndipo mukutaya kukwera kochepa kamene munali nako. Kwezani phiko lakufa ndi madigiri awiri kapena atatu, kampira katuluke pafupifupi theka kulowera ku injini yamoyo. Mukakhota, khotani pang'onopang'ono, pakuti kukhota kulikonse kumadya kukwera.

Zonse ndanenazi zimafuna nthawi, ndipo ponyamuka nthawi imeneyo palibe. Choncho zosankha za ponyamuka zimapangidwira pansi, mabuleki asanamasulidwe. Werengani mtunda umene ndege ingafune kuti ithamange kufika pa liwiro lonyamukira n'kuimanso, muone ngati msewu wa ndege ukukwana. Musanyamuke liwiro lisanapitirire Vmc ndi ma knot osachepera asanu. Injini ikazima mudakali pansi, tsekani ma throttle onse, muponde mabuleki. Ikazima mutanyamuka koma matayala akadali kunja, tsekaninso onse awiri, mutere kutsogolo, ngakhale kutsogoloko kuli udzu kapena mpanda. Ndege yaing'ono ya matayala kunja, pulopela ikuzungulira, liwiro lisanafike pa kamzere kabuluu, sikwera. Mupitirize kokha ngati matayala alowa, liwiro lafika pa kabuluu, ndipo buku linakuuzani musananyamuke kuti lero ndege ikwera. Ngati buku linati sikwera, yankho munalidziwa kale.

Buku likakana, pali zinthu zimene mungasinthe. Chepetsani katundu. Nyamulani mafuta okwanira ulendo ndi osungira, osati kudzaza matanki mwachizolowezi. Nyamukani m'mamawa kusanatenthe. Ndikudziwa kuti n'kovuta kwa mnyamata kapena mtsikana amene wangolembedwa ntchito kuuza bwana wa kampani, kapena munthu wolemekezeka amene walipira ulendo, kuti chikwama china chitsale kapena kuti tidikire mawa. Tinaleredwa kusatsutsa akuluakulu, ndipo ulemu umenewo ndi wabwino. Koma mukhoza kunena mwaulemu wonse kuti, "Bwana, pepani, ndi kutentha kuno ndege sitinyamula tonse bwinobwino," n'kuwaonetsa tsambalo. Ndipo inu eni makampani amene muli muno, woyendetsa akanena zimenezi musamuone ngati wamantha. Akukutetezerani anthu ndi ndege yomwe.

Injini ikazima muli m'mwamba pa ulendo, zinthu zimakhala zopepukirapo. Igwireni ndege, sungani kamzere kabuluu, kenako tengani checklist mufufuze. Kawirikawiri vuto limakhala mafuta: tanki yatha, kapena chosankhira tanki chili pamalo olakwika. Dziwani kayendedwe ka mafuta m'ndege yanu, makamaka crossfeed, chifukwa ndege iliyonse ili ndi kake. Ngati muli pamwamba pa denga la injini imodzi mudzatsika pang'onopang'ono, ndiye muzidziwa kale kumene kuli chigwa. Yang'anirani kutentha kwa injini yamoyo, imene tsopano ikugwira ntchito ya awiri pa liwiro lochepa. Uzani a ku tawala, ndipo mutere pa bwalo loyenera lapafupi, osati kwanu kumene kuli galimoto yanu ndi amakaniko amene mumawadziwa.

Potera, musatsike pansi pa kamzere kabuluu mpaka mutatsimikiza kuti mufika. Tulutsani matayala pamene mwaona kuti bwalo ndi lanu, ndipo ma flap onse muwasunge mpaka kumapeto. Mukafika pafupi ndi nthaka matayala ndi ma flap zili kunja, iwalani zobwereranso m'mwamba. Msewu wa ndege ukatsekeka, terani pa udzu wa m'mbali.

Aphunzitsi anzanga, mawu awa ndi anu. M'zaka za m'ma 1960 ku America, ndege monga Piper Twin Comanche zinagwa kangapo pa maphunziro, pamene aphunzitsi ankazimitsa injini kapena kuonetsa Vmc pafupi ndi nthaka. Kuchokera m'ngozi zotere munabwera liwiro la Vsse, limene simuyenera kuzimitsira wophunzira injini musanalifike. Pa Seminole ndi ma knot 82. Pansi pa mafiti 3,000 kuchokera pa nthaka, yerekezerani kuzima kwa injini ndi throttle yokha, kuti ikhale yokonzeka kubwerera. Feather yeniyeni ichitikire pamwamba pa pamenepo, kufupi ndi bwalo. Mapazi anu azikhala pafupi ndi rudder nthawi zonse. Ndipo musamangophunzitsa masiku amene ndege yopepuka ya anthu awiri ikukwera bwino ndi injini imodzi, chifukwa wophunzira amachoka akukhulupirira kuti zimakhala choncho nthawi zonse. Muwerengetseni za ndege yodzaza masana otentha, aone yekha nambala yotsika, ndipo muphunzitseni kusankha kutera kutsogolo popanda manyazi.

Inu okonza ndege, pulopela imene ikuchedwa kulowa feather, throttle imene imabwerera yokha, chitseko cha matayala chosatseka bwino, injini imene sikufikitsa mphamvu zake, zonsezi zimaoneka zazing'ono mainjini onse akuyenda. Injini imodzi ikazima, mafiti 200 pa mphindi aja amathera mu zimenezi. Musalole ndege ichoke m'manja mwanu ili choncho, ngakhale wina akukufulumizitsani.

Ndi inu achinyamata, luso limeneli limafwifwa msanga likapanda kugwiritsidwa ntchito. Musadikire mayeso a chaka kuti mukumbukire. Pemphani mphunzitsi muzibwereza pafupipafupi, pamalo okwera bwino, mpaka phazi lizipita lokha ku mbali yoyenera. Ndipo ulendo uliwonse, musanakankhe ma throttle, nenani mokweza, ngakhale muli nokha: liwiro lonyamukira, kamzere kofiira, kamzere kabuluu, kukwera kwa lero ndi injini imodzi, ndi malo amene mutere ikazima matayala akadali kunja. Ndikukupemphani muyambe zimenezi pa ulendo wanu wotsatira.